Mtengo wa Paini Sudziwa Tsiku la Chisankho

Amene adayendapo pa msewu wa M1 m'mwezi wa Okutobala, kuchoka pa Jenda kulunjika ku Mzuzu, fungo la Chikangawa amalidziwa. Basi ikangopitirira mphambano ya ku Mzimba boma n'kuyamba kukwera mapiri a Viphya, kamphepo kamasintha, makutu amatseka, ndipo pawindo pamalowa fungo la utomoni wa paini losakanikirana ndi la lupsa. Akuluakulu amati m'zaka za m'ma 1980 mitengo inkachita kukumbatira msewu mbali zonse, nkhungu ikatsika madalaivala n'kumayatsa magetsi dzuwa lili paliwombo. Lero zilipo zigawo zomwe mitengo yatsopano ikukula bwino, koma aliponso mapiri omwe maso amayenda osagunda kanthu kupatula zitsa zakuda ndi udzu.

Ine kwathu ndi kummwera kwa boma la Mzimba, ndipo ndili m'chaka chachitatu cha maphunziro a zankhalango. Potseka sukulu, mphunzitsi wathu adatipatsa ntchito yoti tikalembe patchuthi: tifotokoze tanthauzo la chitukuko chokhalitsa potengera zomwe tikuona kwathu. Ndidati apa ndiye ndadya bwino. Yankho la m'buku ndidaliloweza kalekale, loti tigwiritse ntchito za lero mosalanda ana a mawa, mfundo yomwe idatchuka ndi lipoti la bungwe la United Nations la mu 1987. Koma nditafika kumudzi n'kukhala pakhonde ndi asibweni anga, monga momwe timatchulira amalume kuno, yankholo lidandithera m'kamwa.

Asibweniwo adacheka matabwa ku Chikangawa kwa zaka zingapo. Lero amalima tomato kudimba, ndipo zinthu zikathina amawotcha makala. Nditawalalikira za ana a mawa, adandisiya mpaka ndidamaliza, kenako adandifunsa m'Chitumbuka chofatsa kuti, "Muphwa, nanga fizi yako ya chaka chatha idachokera kuti?" Ndidangoweramitsa mutu. Theka lake adatumiza ndi achimwene anga omwe ali ku Joni. Theka linalo lidatuluka m'uvuni wa makala, kuseri kwa phiri. Ineyo, wophunzira kusamala mitengo, ndimalipiridwa sukulu ndi mitengo yogwa.

Kuyambira tsiku limenelo ndidasiya kufunsa chifukwa chake anthu akwathu sakonda mitengo, pakuti amaikonda. Ndidayamba kufunsa momwe mtengo, banja ndi wandale amawerengera nthawi. Paini amafuna zaka 20 mpaka 25 kuti akhwime. Wandale amawerenga zaka zisanu. Banja limawerenga masiku otsala kuti ufa uthe m'dengu. Mbiri yonse ya nkhalango za Mzimba yagona pa makalendala atatu amenewa.

Nkhalango ya fakitale yomwe sidamangidwe

Paini wa ku Chikangawa si mbadwa ya kuno. Mtundu womwe udadzalidwa kwambiri, wotchedwa Pinus patula, kwawo ndi ku Mexico, ndipo udakonda Viphya chifukwa cha kuzizira ndi mvula ya m'mapiri. Atsamunda adayamba kudzala m'zaka za m'ma 1950, koma ntchito yaikulu idachitika dziko litalandira ufulu mu 1964. Boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda lidafuna kuti Malawi akhale ndi fakitale yopanga zipangizo za mapepala ku Chintheche, m'mphepete mwa nyanja, ndipo mitengoyo idadzalidwa kuti idzadyetse fakitaleyo. Pomwe ntchito yodzala inkatha, nkhalango ya Viphya idafika pa mahekitala pafupifupi 53,000, kuyambira ku Luwawa kummwera mpaka kufupi ndi Mzuzu, n'kukhala imodzi mwa nkhalango zodzalidwa zazikulu zedi mu Africa muno.

Fakitale ija sidamangidwe. Ndalama zake zidali zochuluka, doko lotumizira katundu kunja lili kutali, ndipo padali mantha akuti zonyansa zake zidzaipitsa nyanja. Mitengo, posadziwa zonsezi, idapitiriza kukula. Agogo anga aamuna adali m'gulu la anthu omwe ankadzaza dothi m'machubu kunazale, kunyamula mbande pamutu ndi kulambula njira zotchinga moto mvula ikangosiya. Iwo amati nthawi imeneyo pamwamba pa mapiri padali nsanja za alonda, ndipo utsi ukangooneka, belu linkalira, aliyense n'kuthamanga ndi nthambi zaziwisi m'manja.

Sindikufuna kukometsa nthawi ya chipani chimodzi, chifukwa anthu a chigawo cha kumpoto akudziwa zomwe adaziona. Koma chilungamo n'chakuti boma lomwe lidadzala Chikangawa linkawerenga zaka makumi angapo kutsogolo, popeza silinkaopa kuchotsedwa ndi voti. Funso lomwe m'badwo wathu walephera kuyankha kuyambira 1994 ndi ili: kodi dziko la ufulu wosankha atsogoleri lingathe bwanji kusamala chinthu chomwe phindu lake lidzaoneka zisankho zinayi kapena zisanu zitadutsa?

Zaka za macheka

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, boma lidagulitsa makampani ake ambiri. Fakitale ya mapulayiwudi ya Viply ku Chikangawa idapita m'manja mwa kampani ya Raiply, yomwe idapatsidwanso mahekitala 20,000 kuti iziwasamalira ndi kukololamo. Mbali yotsalayo idakhalabe m'manja mwa nthambi ya boma yoona za nkhalango, yomwe inkagawa mapuloti kwa ocheka matabwa. Apa m'pomwe asibweni anga adalowera.

Iwo amakumbukira zaka za m'ma 2000 ngati nthawi ya chikondwerero. M'nkhalango monse munkalira makina. Malole ankachita kundanda kudikira matabwa opita ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ena kudutsa pa Songwe kulowera ku Tanzania ndi ku Kenya. Anyamata ochokera m'maboma osiyanasiyana adamanga misasa m'mphepete mwa msewu, amayi n'kumaphika nsima ndi kugulitsa mowa. Makina ambiri adali osalongosoka, moti pa chipika chimodzi matabwa ankatuluka ochepa, chotsalacho n'kukhala utuchi ndi zigwagwa. Zigwagwazo zidachuluka mpaka msika wina wa mu mzinda wa Mzuzu udatenga dzina lomwelo.

Ndidawafunsa kuti nanga podula chonchi ankadzala ndani. Adaseka. Wocheka ankalipira puloti, kudula, kupakira, n'kusamukira pena. Kudzala idali ntchito ya boma, ndipo boma linkati lilibe ndalama. Manyuzipepala a nthawi imeneyo adalemba kangapo za anthu odziwana ndi akuluakulu omwe ankalandira mapuloti, komanso za ngongole za mitengo zomwe sizinkabwezedwa. Antchito a m'nkhalango adachepa, nsanja za alonda zidasiyidwa, njira zotchinga moto zidamera udzu. Chilimwe chilichonse moto unkalowa: wina wa osaka mbewa ndi nyama, wina wa ofula njuchi, winanso, monga amanenera anthu a m'deramo, wa antchito okwiya ndi malipiro ochedwa. Paini wa zaka zitatu sapirira moto. Ukadutsa kamodzi, thukuta la zaka zitatu lasanduka phulusa tsiku limodzi.

M'kalasi timaphunzira kuti nkhalango yodzalidwa ili ngati khola la ng'ombe. Ngati paini amakhwima pa zaka 25, umagawa nkhalangoyo m'zigawo 25, chaka chilichonse n'kudula chimodzi ndi kuchidzalanso mvula yomweyo. Ukatero sidzatha mpaka kalekale. Mngoni aliyense wa ng'ombe masamu amenewa amawadziwa, pakuti sagulitsa ng'ombe zazikazi zonse chaka chimodzi. Ife ku Chikangawa tidapha khola lonse pa phwando limodzi. Ntchito yodzalanso ilipo, makamaka m'zigawo zomwe zili ndi mwini wodziwika, ndipo woyenda pa M1 amaiona. Koma zaka zomwe zidatayika palibe angazibweze.

Masamu a thumba la makala

Pafupi ndi Mzimba boma pali nkhalango ina yosiyana ndi Chikangawa. Perekezi ndi nkhalango yachilengedwe, ya mitengo ya mombo, tsamba ndi masuku, komwe amayi amazula bowa m'dzinja ndipo abambo amapachika ming'oma ya njuchi. Mitengo yotereyi ndiyo imatulutsa makala olemera omwe amayi a m'tauni amawafuna, chifukwa a paini amangoti laku n'kutha. M'mapiri omwewa ndimo mumachokera madzi a mtsinje wa Mzimba, womwe umamwetsa anthu a paboma usanakathire mu South Rukuru. Kummwera, cha ku malire ndi Kasungu, nkhalango ya Chimaliro ikukumana ndi mavuto ofananawo.

Lamulo lilipo ndithu. Lamulo la nkhalango la mu 1997 limaletsa kuwotcha makala popanda chiphaso, ndipo mu 2020 aphungu adalikonza n'kukhwimitsa zilango. Mu 2017 boma lidakhazikitsanso ndondomeko ya zaka khumi yothana ndi vuto la makala. Koma kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'dziko muno, pafupifupi 11 zokha ndizo zinkawala ndi magetsi, ndipo mabanja oposa 90 mwa 100 amaphikira nkhuni kapena makala. Wapolisi yemwe amalanda thumba pa rodibuloko, kunyumba kwake nyemba zikubwata pa mbaula ya makala. Mphunzitsi wanga nayenso, magetsi akathima, amatuma mwana kumsika. Tonse timanyoza wowotcha makala kukamwa kuli kodzaza ndi nsima yophikidwa ndi makala ake.

Tsiku lina m'mamawa ndidatsagana ndi asibweni kuuvuni. Ntchito yake si yamasewera: kugwetsa mtengo ndi nkhwangwa, kuuduladula, kusanja zipika, kukwirira ndi dothi, kenako kulonda utsi usana ndi usiku kwa masiku angapo kuti moto usabowole. Pa uvuni wadothi wotere, kilogalamu imodzi ya makala imadya makilogalamu 7 a nkhuni kapena kuposerapo. Wowotchayo ndiye amalandira ndalama yochepa kuposa onse. Wanjinga amaonjezapo yake, walole yake, wogulitsa m'timapepala m'tauni yake. Koma pogwidwa, amene amakagona m'chitolokosi ndi wa nkhwangwa uja.

Nanga n'chifukwa chiyani saleka? Yankho lili m'sitolo ya feteleza. Mu 2020, pulogalamu ya zipangizo zotsika mtengo ya AIP itayamba, thumba la feteleza mlimi ankaligula K4,495. Patapita zaka ziwiri lidafika pa K15,000, ndipo opindula adachepetsedwa. Kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wopanda mwayi wa AIP adaona thumba lomwelo likupitirira K100,000 m'masitolo. Nthaka yathu yamchenga yatopa, popanda feteleza chimanga chimangofika m'chiuno. Choncho kwacha ikagwa ku Lilongwe, ku Perekezi kumagwa mtengo. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Kwa bambo wa ana asanu, makala ndiye fodya wapamphuno, ndipo mthunzi wa zaka 20 zikubwerazo ndi wamphepo.

Marandi a ku Joni

Palibe angalankhule za chuma cha Mzimba osatchula Joni. Ulendo wa ku South Africa udayamba kalekale, m'masiku a Wenela ndi TEBA, pomwe azigogo athu ankapita kumigodi. Mu 1974 ndege yonyamula anthu ogwira ntchito m'migodi idagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Kamuzu adaimitsa kulemba anthu ntchito zakumigodi. Koma njira yomwe miyendo idazolowera siitsekeka. Lero anyamata amapita okha, pabasi kapena ndi matransipota, kukagwira ntchito m'masitolo, m'nyumba za anthu ndi m'maminda a ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town.

Zipatso zake zimaoneka ndi maso. Yendani ku Embangweni, ku Edingeni kapena pa Jenda, muona nyumba zamalata zokhala ndi mageti achitsulo ndi masola padenga, zomwe malipiro a mphunzitsi wa kupulayimale sangamange. Marandi alipirira ana sukulu, ine ndemwe ndili mmodzi wa iwo. Koma nyumba iliyonse yotere imayamba ndi uvuni wa njerwa, ndipo uvuni wa njerwa umadya mitengo ikuluikulu, yaiwisi, yachilengedwe. Mu 2018 boma lidaletsa njerwa zowotcha pa zomangamanga za boma ndi zikuluzikulu, koma kumudzi simenti ndi yodula ndipo mtengo wa m'thengo ndi waulere.

Chinanso chomwe Joni watilanda ndi manja. M'mudzi mwathu, pa nyengo yodzala mitengo, omwe amabwera ndi amayi, agogo ndi ana asukulu. Anyamata amphamvu akutchetcha kapinga wa eni ake kutsidya la Limpopo. Chomvetsa chisoni n'chakuti dziko lomwe akupitalo lili ndi nkhalango zazikulu za paini, monga za ku Sabie m'chigawo cha Mpumalanga, zomwe zimalemba anthu ntchito chaka ndi chaka chifukwa zimadulidwa mwadongosolo. Chikangawa akadasamalidwa, ena mwa achimwene athuwa bwenzi akugwira ntchito mtunda wa ola limodzi kuchoka pakhomo pa amayi awo.

Kudikira kwa a ku Kanyika

Kummwera kwenikweni kwa boma lathu, m'dera la Inkosi Mabulabo, kuli Kanyika. Pansi pa nthaka yake pali miyala ya niobium, yomwe amasakaniza ndi chitsulo kuti chikhale cholimba koma chopepuka. Kampani ya Globe Metals and Mining idayamba kufufuza miyalayi m'zaka za m'ma 2000. Chiphaso chokumbira idalandira mu 2021, ndipo mgwirizano wake ndi boma udasainidwa mu 2023. Pakati pa zaka zonsezi, mabanja a m'deralo adauzidwa kuti adzasamutsidwa, adadikira kwa nthawi yaitali, ndipo madandaulo awo adafika mpaka kukhoti.

Sindine katswiri wa migodi, koma Kanyika adandiphunzitsa kanthu kena kokhudza mitengo. Munthu amene wauzidwa kuti adzasamuka, koma osauzidwa tsiku, sadzala mango. Sakonza denga, sakumba chitsime, sathira manyowa m'munda. Kudzala mtengo n'kulumbira kuti ine kapena mwana wanga tidzakhala pano zaka 20 zikubwerazi. Pomwe palibe chitsimikizo chimenecho, ngakhale mutagawa mbande zaulere, zidzauma m'machubu.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amaika migodi pakati pa ntchito zofunika pa chuma cha mtsogolo. Palibe wokana kuti dziko likufuna ndalama zakunja. Koma mwala suphukira ngati chitsa. Ngati tidalephera kuyendetsa chuma chomwe chimamera chokha ukachidzala, tidzatani ndi chuma chomwe ukachikumba kamodzi chapita? Anthu a Mzimba ali ndi ufulu wofunsa, mgodi usanayambe n'komwe, kuti gawo la khonsolo ya M'mbelwa ndi lotani, gawo la mudzi ndi lotani, ndipo dzenje lidzakwiriridwa ndi ndani.

Kalendala ya andale

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko lino limakhala pa nyengo yodzala mitengo. Mwambowo tonse timaudziwa. Kumabwera nduna kapena phungu, atavala chipewa ndi magambuti atsopano. Amagwira khasu lomangidwa riboni, amadzala mbande imodzi, amathirira ndi kheni, ojambula n'kujambula. Gule amavinidwa, alendo amalandira maalawansi, galimoto n'kubwerera. Pofika Ogasiti, mbuzi zadya theka la mbandezo, moto wa Okutobala n'kumaliza zotsala. Timalengeza mitengo yomwe tadzala, koma mwambo wowerenga yomwe yapulumuka kulibe. Malawi adalonjeza pamaso pa maiko anzake kuti pofika 2030 adzakhala atabwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka ndi nkhalango zowonongeka. Lonjezo lotere silikwaniritsidwa ndi zithunzi.

Wandale si wopusa. Amadziwa kuti mjigo umaoneka sabata yomweyo, bokosi la maliro limathokozedwa pamanda pomwepo, pomwe njira yotchinga moto palibe amaiimbira nyimbo. Lamulo la zipani la mu 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa mavoti, koma ife ovota tikadali kuyeza phungu ndi kukula kwa dzanja lake. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, la CDF, lakhalapo kuyambira 2006. Ndi kangati pomwe tidamva mudzi ukupempha kuti ndalamazo zilipire alonda a moto kapena nazale ya mudzi? Mlandu tisaukankhire kwa andale okha, chifukwa amagulitsa zomwe ife timagula.

Pa 10 Juni 2024, ndege ya asilikali idagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, Dr. Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena 8. Kuchokera tsiku limenelo dzina la Chikangawa lamveka m'nyimbo, m'mabasi ndi pa misonkhano ya ndale kuposa kale lonse, makamaka pokonzekera chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025. Chisoni chimenecho n'choyenera, ndipo mafunso a anthu ndi omveka. Komabe ine monga mwana wa kuno ndidaona kuti dzinalo latchuka, koma nkhalango yeniyeniyo, mitengo yake, antchito ake ndi moto wake, sizidalowe m'nkhani.

Mabungwe akunja nawonso ali ndi kalendala yawo. Ku Perekezi kwadutsa mapulojekiti othandizidwa ndi European Union komanso USAID, omwe adakhazikitsa makomiti a m'midzi ndi kuphunzitsa anthu kusamala nkhalango mogwirizana ndi boma. Ntchito yabwino idagwirika. Koma pulojekiti imakhala zaka zisanu, ndipo mu 2025 tidaona boma la America likudula thandizo lake mwadzidzidzi. Mtengo wa mombo sungakule ndi ndalama yomwe imadalira chisankho cha ku Washington.

Mwini mtengo ndani?

Ndidabwerera kwa asibweni ndi funso lina. Kuseri kwa nyumba yawo kuli mitengo ya bulugamu yokwana mzere umodzi ndi mibawa iwiri. Imeneyo saiwotcha makala, ndipo mwana akaithyola nthambi amalawa chikoti. Nditafunsa chifukwa chake, adandiyang'ana modabwa. "Imeneyo ndi yanga, muphwa. Ya kuphiri ndi ya boma." M'mawu ochepawo mudali phunziro lomwe mabuku anga onse adalizungulira. Chinthu cha boma, m'maganizo a anthu athu, chilibe mwini. Ukachisiya lero, mawa achitenga ndi mnzako.

Anzathu a ku Tanzania, m'madera ozizira a Njombe ndi Mafinga omwe nyengo yake ikufanana ndi ya Viphya, adaitulukira njira. Kumeneko alimi wamba amadzala paini m'minda yawoyawo, ndipo munda wa mitengo amautenga ngati banki: mwana akasankhidwa kupita kukoleji, amagulitsa gawo limodzi. Moto ukabuka, mudzi wonse umathamanga popanda belu la boma, chifukwa chomwe chikupsa ndi chuma chawo. Kuno kwathunso chitsanzo chilipo. Ku Kawandama Hills, m'mapiri a Viphya momwemo, amapanga makala ovomerezeka ndi boma kuchokera ku bulugamu wodzala okha, umboni wakuti makala ndi nkhalango zingathe kukhalira limodzi ngati wodula ndi yemweyo wodzala.

Tsono zomwe ndidalemba m'ntchito yanga ya kusukulu ndi izi. Choyamba, midzi yozungulira Chikangawa, Perekezi ndi Chimaliro ikhale ndi gawo lolembedwa, lodziwika, pa ndalama za mitengo, ndipo ndalamazo zizilengezedwa pa bwalo la mfumu monga momwe timalengezera chipepeso pamaliro. Chachiwiri, aliyense wopatsidwa puloti yodula asalandire ina asanaonetse mitengo yomwe adadzala itapulumuka zilimwe ziwiri. Chachitatu, ndalama zochokera m'nkhalango ziyambe zalipira alonda a moto ndi antchito a kunazale pa nthawi yake, zisanapite kwina. Chachinayi, wowotcha makala athandizidwe kudzala mitengo yakeyake ndi kupeza chiphaso mosavuta, m'malo momangomuthamangitsa, uku m'matauni tikufalitsa gasi ndi mbaula zosawononga nkhuni monga Chitetezo.

Chachisanu n'chosafuna ndalama ya wina aliyense. Mitengo yachilengedwe ya kuno imaphukira pachitsa. Mlimi akasiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, n'kusadzira zinazo ndi kuteteza malowo ku moto ndi ziweto, thengo limabwerera msanga kuposa la mbande za m'machubu, pakuti mizu yake ili kale pansi. Apa m'pofunika mafumu athu. Chaka chilichonse mu Ogasiti, Angoni amasonkhana pa phiri la Hora ku mwambo wa Umthetho, pamaso pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V. Ufumu suwerenga zaka zisanu. Ndi mpando wokhawo m'boma lino womwe kalendala yake ikufanana ndi ya mtengo. Mawu a inkosi oletsa kutentha tchire ndi kudula m'mphepete mwa mitsinje angamveke kutali kuposa chikwangwani cha pulojekiti.

Nawonso achimwene athu a ku Joni ali ndi mbali yawo. Pa marandi omwe amatumiza kudzamanga mpanda wa njerwa, gawo lochepa lingadzale hekitala imodzi ya paini kapena bulugamu pa malo a banja. Tsiku lomwe adzabwerere, msana utatopa kapena mapepala atavuta, adzapeza penshoni itaima kuseri kwa nyumba.

Tchuthi chisanathe, ine ndi asibweni tidadzaza machubu 200 pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi dimba kuti madzi asavute. Iwo sadalonjeze kuti asiya makala, ndipo ine sindidawapemphe, poti fizi ya chaka chamawa ikudikira. Tidangogwirizana kuti mitengoyi ndi ya mdzukulu wawo yemwe wayamba kumene sitandade 1. Ikamadzakhwima, dziko lino lidzakhala litavota kanayi kapena kasanu, ndipo ambiri mwa omwe akutilonjeza lero adzakhala ataiwalika.

Inu owerenga, makamaka anzanga a m'makoleji ndi m'masekondale a Mzimba, phungu kapena khansala akadzabwera kudzadzala mtengo mvula ikubwerayi, mulandireni mwaulemu ndipo muvine naye. Koma asanakwere galimoto, mufunseni kuti mitengo yomwe adadzala chaka chatha yatsala ingati, ndipo mumuperekeze akaione.